Musanayambane chifukwa cha foni, dziwani za ma tab

M'makomo ambiri masiku ano foni imodzi ikutumikira anthu anayi kapena asanu. M'mawa bambo aonerapo zotsatira za mpira, masana mayi afufuzirapo mitengo ya katundu wa geni, madzulo mwana wa Fomu 2 abwereka kuti alembe homuweki, ndipo usiku mlamu amene wabwera kudzacheza apempha kuti aoneko uthenga wake. Aliyense akamaliza amangobweza foniyo, osadziwa kuti wasiya mapazi.

Mapazi amenewa amabisala kuseri kwa kabokosi kakang'ono kokhala ndi nambala mkati, kamene kamaoneka pambali pa malo olembapo zimene mukufuna pa intaneti. Kwa ena kamaonetsa 7, kwa ena 43, ndipo kwa ena kadatopa n'kuwerenga komwe. Kabokosi kameneka kangathe kuyambanitsa anthu okondana, kuonetsa mwana zinthu zosayenera msinkhu wake, ngakhalenso kubetsa ndalama zimene banja lakhetsera thukuta. Ndiye amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwangolowa kumene m'banja, tatiyeni tikaunike bwinobwino.

Kodi tab n'chiyani?

Pologalamu imene mumatsegula mukafuna kuwerenga masamba a pa intaneti imatchedwa browser. Chrome, Opera Mini, Firefox, Safari, Edge ndi Samsung Internet onsewa ndi ma browser. Mukatsegula browser pa kompyuta, chimango chonse chimene chimabwera pa sikirini ndiye windo. Mkati mwa windo imodzi mutha kutsegula masamba ambiri, lililonse ndi kamutu kake pamwamba, ndipo tsamba lililonse lotere ndiye tab. Yerekezani kuti windo ndi tebulo, ndipo ma tab ndi makope amene mwayala patebulopo. Mukuwerenga limodzi, koma enawo ali pompo, otsegula pamene mudalekezera, ndipo aliyense wokhala patebulopo atha kuwaona.

Kale sizidali chomwechi. Browser yoyamba adaipanga Tim Berners-Lee m'chaka cha 1990 ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Kenako kudabwera Mosaic mu 1993, Netscape Navigator mu 1994 ndi Internet Explorer mu 1995. Pa ma browser otchuka a nthawi imeneyo, ukafuna kuona masamba awiri nthawi imodzi umayenera kutsegula mawindo awiri. Amene mudalipirako mphindi m'makafe a intaneti ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mukukumbukira momwe pansi pa sikirini pankadzazira mawindo, kompyuta n'kuuma, nthawi imene mwalipira ikungotha.

Nzeru ya ma tab idaoneka kale mu 1994 pa browser yotchedwa InternetWorks, koma amene adaifikitsa kwa anthu ambiri ndi Opera ya ku Norway ndi Firefox, imene idatuluka mu Novembala 2004. Internet Explorer idachedwa, ma tab idakhala nawo mu 2006, ndipo kampani ya Microsoft idaipumitsa mu Juni 2022. Chrome ya kampani ya Google itatuluka mu Seputembala 2008, idaika ma tab pamwamba penipeni pa windo, ndipo idawalekanitsa kagwiridwe ka ntchito kuti tsamba limodzi likauma lisagwetse onse.

Pa kompyuta ma tab amaonekera poyera, ndondondo pamwamba. Pa foni sikirini ndi yaing'ono, choncho okonza ma browser adawabisa kuseri kwa kabokosi kaja. Apa ndiye pagona nkhani: chimene maso sakuona, mtima umaiwala. Pa Chrome ya mafoni a Android, ma tab akapitirira 99 kabokosiko kamasiya kulemba nambala n'kuika kankhope koseka. Ngati pafoni yanu pali kankhope kameneka, dziwani kuti nyumba yafunika tsache.

Ichi chakoma, ichi chakoma

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ma tab amachuluka chifukwa chilichonse timati tichionanso mawa: malonda a ntchito, kaphikidwe ka keke, fomu ya sukulu, nkhani ya maliro a munthu wotchuka. Akatswiri a pa Carnegie Mellon University mumzinda wa Pittsburgh ku America adafufuza khalidwe limeneli ndipo adatulutsa zotsatira zake mu 2021. Iwo adapeza kuti anthu ambiri amaopa kutseka tab poganiza kuti akangotero aiwala ntchito imene amafuna kuchita, kapena sadzalipezanso tsambalo. Tab imasanduka chikumbutso, koma zikumbutso zikafika 60 palibenso chimene chikukukumbutsa kanthu.

Kuchulukaku kuli ndi mtengo wake. Pa kompyuta tab iliyonse imatenga gawo la RAM, malo amene makinawo amasungapo zimene akugwira pa nthawiyo, ndipo masamba a makanema ndi otsatsa malonda amatha kupitiriza kudya bandulo ndi batire ngakhale simukuwayang'ana. Pa foni zimasiyanako pang'ono. Foni imagoneka ma tab amene simukugwiritsa ntchito, makamaka mafoni otsika mtengo okhala ndi RAM ya 2GB kapena 3GB, koma mukangobwerera pa tab yogonayo imakokanso tsamba lonse kuchokera pa intaneti. Mukamayendayenda m'ma tab 40 kusaka limodzi lomwe mukufuna, kabandulo kaja kakupita.

Mankhwala ake ndi apafupi. Tsamba limene mudzalifuna mwezi wamawa lisungeni ngati bookmark: pa Chrome dinani timadontho titatu ta pakona kenako kanyenyezi, pa kompyuta dinani Ctrl ndi D. Mukatero tsekani tab yake, tsambalo silitayika. Masamba a nkhani imodzi, monga sukulu zimene mukufananiza za mwana, aikeni m'gulu limodzi n'kulipatsa dzina. Chrome idayamba kulola zimenezi mu 2020. Otsalawo atsekeni: dinani kabokosi ka nambala, kenako timadontho titatu, musankhe Close all tabs. Eni iPhone angathe kuuza Safari kuti izitseka yokha ma tab amene sadaonedwe kwa tsiku, sabata kapena mwezi.

Pa kompyuta mabatani anayi okha akukwanirani. Ctrl ndi T itsegula tab yatsopano, Ctrl ndi W itseka imene muli, Ctrl ndi Tab ikusamutsirani pa yotsatira, ndipo mukatseka mwangozi, Ctrl, Shift ndi T pamodzi ikubwezerani. Pa foni zotsekedwa kumene mudzazipeza pa Recent tabs. Windo yachiwiri, ya Ctrl ndi N, itsegulidwe pokhapokha mukufuna kulekanitsa ntchito, mwachitsanzo za ku ofesi windo ina, za pakhomo windo ina, kapena pofuna kuika masamba awiri moyandikana kuti mufananize mitengo.

Tab si mboni yokwanira

Tsopano tifike pamene pamatentha. Mayi abwereka foni ya bambo kuti aone kanthu, adina kabokosi kaja, ndipo pakati pa ma tab apeza tsamba la zithunzi zolaula, kapena la juga, kapena lofunira zibwenzi. Mtima phwii! Zimachitikanso mbali inayo, bambo kupeza zotere pafoni ya mayi. Ambiri apa safunsanso, mlandu amauweruza okha, chilango n'kupereka, usiku womwewo wina n'kugona chozondoka.

Dekhani kaye, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Masamba ambiri, makamaka otsitsirapo nyimbo ndi mafilimu aulere komanso oonerapo mpira mwakuba, amapeza ndalama potsegula okha ma tab ena. Munthu adina batani loti filimu iyambe, kumbuyo kwatseguka tsamba lina limene sadalipemphe. Pa kompyuta amaliona n'kulitseka, koma pa foni limakalowa kuseri kwa kabokosi n'kukhala pamenepo miyezi, mwini foni osadziwa. Ndiye tab yokha siinena kuti munthu adaifuna, komanso siinena chala cha yani chidadina, makamaka pafoni imene yadutsa m'manja mwa mwana, mlamu ndi mnzawo wa kuntchito.

Chimene chimaunikirako pang'ono ndi History, mndandanda wa masamba onse amene atsegulidwa, wosanjidwa motsata masiku. Tsamba limene laoneka kamodzi, mwadzidzidzi, motsatizana ndi tsamba la mafilimu aulere, kawirikawiri lidadzitsegula lokha. Koma mawu amene munthu adachita kulemba yekha pofufuza, kapena tsamba la juga lobwera tsiku ndi tsiku pamene ndalama ya ndiwo ikusowa m'nyumba, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kukhala pansi.

Ngakhale zitatero, kafunsidwe kali ndi mphamvu. Kunena kuti "Bambo, ndaona tsamba ili pafoni, labwera bwanji?" kumatsegula khomo. Kunena kuti "Lero ndakugwirani!" kumalitseka ndi mpiringidzo. Kumbukiraninso kuti anthu amafufuza pa intaneti zimene akuopa kunena pakamwa. Mwamuna amene watsegula masamba a matenda ena mwina akumva china m'thupi ndipo ali ndi mantha. Mkazi amene akuwerenga za kulera kapena za kusabereka mwina wakhala akusowa poyambira kuti akambe nanu. Tab yotere ikupempha khutu, osati chibakera. Zikakanika awiri, ankhoswe alipo, alangizi a zaumoyo aliponso.

Chinanso chimene maanja ambiri sadziwa ndi sync. Mukalowetsa akaunti yanu ya Google pa Chrome ya foni ina kapena kompyuta ina n'kulola kuti zilumikizane, ma tab, History ndi mapasiwedi anu zimatha kuoneka kumbali zonse ziwiri. Ndi chinthu chothandiza ngati makina onsewo ndi anu. Koma ngati mudalowetsa akaunti pa kompyuta ya ku ofesi kapena pafoni ya mchimwene wanu n'kuiwala kutuluka, zimene mukuwerenga kuchipinda zitha kuonekera kwa eni makinawo. Pogulitsa kapena kupatsa wina foni yakale, tulutsani akaunti kaye ndipo mufufute zonse.

Kwa amene mumadikira mnzanu agone kuti mufufuze m'foni mwake, tikuti banja la uzondi silikoma. Dziwaninso kuti kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za pa makina za munthu wina popanda chilolezo. Njira yabwino n'kugwirizana masana dzuwa likuswa mtengo: kodi foni zathu ndi zotsegukirana, kapena aliyense yake? Mayankho onse awiri ndi abwino ngati nonse mwavomera ndi mtima umodzi.

Incognito si mankhwala osaonekera

Ma browser onse akuluakulu ali ndi windo yapadera yachinsinsi. Safari ndiyo idayamba mu 2005, Chrome idabwera ndi Incognito mu 2008, ndipo Firefox ndi Internet Explorer zidatsatira mu 2009. Pa kompyuta imatseguka ndi Ctrl, Shift ndi N pa Chrome ndi Edge, kapena Ctrl, Shift ndi P pa Firefox. Pa foni muipeza pa timadontho titatu tija.

Ntchito yake ndi imodzi: mukatseka ma tab onse achinsinsi, browser siisunga pa makinawo History ya zimene mwaona, zimene mwalemba m'mafomu, kapena akaunti zimene mudalowa. Basi. Zimene mwatsitsa zimakhalabe m'foni. Ma bookmark amene mwasunga amakhalabe. Kampani yokupatsani intaneti, abwana kuntchito kapena sukulu imene mukugwiritsa ntchito Wi-Fi yake angathe kudziwabe masamba amene mwapitako, ndipo mukalowa pa Facebook ndi dzina lanu, Facebook ikudziwani ndithu. Ku America anthu adasumira Google mu 2020 ponena kuti inkatolerabe zambiri za anthu ogwiritsa ntchito Incognito, ndipo mu 2024 kampaniyo idavomera kufufuta zambiri zimene idatolera komanso kulongosola bwino malire a windo imeneyi.

Ndiye kodi ndi ya anthu achinyengo okha? Ayi. Mlendo akabwereka foni yanu kuti aone imelo yake, mutsegulireni Incognito, kuti asalowe mu akaunti yanu ndipo yake isatsalire m'foni mwanu. Inunso mukabwereka makina a wina chitani chomwecho. Mukamafufuza za matenda pa kompyuta ya ku ofesi, kapena mphatso ya tsiku lokumbukira ukwati wanu pafoni ya banja, ndi yothandizanso. Chachikulu musaiwale kutseka, chifukwa tab yachinsinsi yosiyidwa yotsegula ilibe chinsinsi chilichonse.

Pamene pagona ndalama

Pamwamba pa tsamba lililonse pali kamzere kolembedwa adiresi ya tsambalo. Pa foni kamzereka kamabisala mukamatsika m'munsi kuti malo owerengera akule, ndipo mbava zimakondwa nazo zimenezi. Zimapanga tsamba lofanana ndendende ndi la banki, la Facebook kapena la kampani ya foni, mitundu ndi chizindikiro chomwe, koma adiresi yake ndi ina, mwina yosiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Musanalembe pasiwedi paliponse, kwerani pamwamba muwerenge adiresi.

Ambiri tidaphunzitsidwa kuti tikaona kaloko pambali pa adiresi ndiye kuti tsambalo ndi lodalirika. Kaloko kamangotanthauza kuti zimene mukutumiza zikuyenda mobisika pakati pa inu ndi tsambalo. Sikanena kuti mwini tsambalo ndi wachilungamo, ndipo mbava nazonso zimakhala nako. Google itafufuza mu 2021 idapeza kuti anthu 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankamvetsa tanthauzo lenileni la kalokoka, ndipo mu Seputembala 2023 idayamba kukachotsa pa Chrome n'kuikapo chizindikiro china.

Palinso chinyengo chimene chimadalira ma tab oiwalika. Katswiri wina, Aza Raskin, adachionetsa mu 2010 n'kuchitcha tabnabbing. Tsamba loipa limadikira kuti muchokepo, kenako limadzisintha n'kuoneka ngati polowera imelo. Mukabwerera mumangoti kaya ndidatuluka ndekha, n'kulembanso pasiwedi, osadziwa kuti mwaipereka kwa wakuba. Choncho tab yakale ikakupemphani pasiwedi, itsekeni, mutsegule yatsopano, mulembe nokha adiresi. Ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isalembedwe pa tsamba limene mwafikapo kudzera pa linki ya pa WhatsApp, ngakhale likulonjeza mphoto yotani.

Dziwaninso kuti kutseka tab si kutuluka mu akaunti. Mukatseka tab ya imelo pa kompyuta ya m'kafe kapena ya pamalo osindikizira makalata, wobwera pambuyo panu akatsegula tsamba lomwelo atha kupeza makalata anu onse ali chitsegukire. Dinani Log out kapena Sign out kaye, ndipo browser ya eni ikafunsa ngati isunge pasiwedi, yankho ndi ayi.

Nanga ana?

Mwana mukamubwereka foni kuti afufuze za homuweki, mwamupatsanso ma tab anu onse. Ana ndi achidwi, kabokosi kaja amakadziwa kuposa ife. Musanapereke foni, onani zimene zili zotsegula. Lowaninso mu Settings ya Chrome, pa Site settings, muonetsetse kuti Pop-ups and redirects ndi yoletsedwa, ndipo pa Notifications muchotse masamba amene simukuwadziwa. Timauthenga tonyansa kapena toopseza kuti foni yanu yagwidwa ndi vairasi timene timatulukira pamwamba pa sikirini kawirikawiri timabwera chifukwa wina adadina Allow osawerenga.

Pa kompyuta ya banja, Chrome, Edge ndi Firefox zimalola munthu aliyense kukhala ndi profile yake, yokhala ndi ma tab, History ndi mapasiwedi akeake. Konzani ya bambo, ya mayi ndi ya ana. Koma dziwani kuti profile imangolekanitsa katundu, si loko, wina atha kulowa ya mnzake. Loko weniweni ndi akaunti yakeyake ya pa kompyutapo yokhala ndi pasiwedi. Ngati mwana ali ndi foni yake, pologalamu ya Family Link, imene Google idatulutsa mu 2017, imalola kholo kutsekereza masamba olaula, kuika malire a nthawi, ndipo pa akaunti ya mwana wamng'ono Incognito siigwira. Kwa kamwana kongofuna katuni, mafoni a Android ali ndi App pinning, imene imakhomerera pologalamu imodzi pa sikirini kuti kasamayendeyende kwina.

Zonsezi ndi mpanda chabe, ndipo palibe mpanda umene mwana wofunitsitsa sangaudumphe. M'mera mpoyamba. Muuzeni mwana akadali wamng'ono kuti pa intaneti pamatuluka zinthu zimene iye sadaziitane, ndipo zikatuluka abwere adzakuonetseni, simumukwapula. Mwana amene akudziwa kuti akanena alandidwa foni ndi kulandira mbama amaphunzira chinthu chimodzi chokha: kufufuta History. Ndipo mukapeza History ya wachinyamata wanu ili mbee tsiku lililonse, musathamangire chikoti, khalani naye pansi mucheze.

Lamulungu lililonse, mukabwerako kotchalitchi kapena mukamaliza nkhomaliro, patulani mphindi zisanu. Aliyense atenge foni yake, asunge zofunika ngati bookmark, atseke zotsala, aone akaunti zimene zili zolowa ndi masamba amene akutumiza timauthenga. Ana aone kuti amayi ndi abambo nawonso amasesa mwawo. Foni ipepuka, bandulo ikhalitsako, ndipo m'nyumba muchepa mafunso obwera pakati pa usiku.